Kaseti ya Adadi

Chibwenzi changa malire ake anali pageti. Adadi anachita kunena poyera, azakhali ali pomwepo akuvomereza ndi mutu: "Mnyamata wa mawaya uja phazi lake lisaponde pakhonde langa." Dzinalo linangomumatirira. Nane ndinayamba kumuitana Mawaya, iye n'kumandibwezera kuti Tsabola, poti ine sindichedwa kuyaka.

Mlandu wake unali umodzi wokha. Amakonza mawailesi, mafoni ndi masipika m'kashopu kake, komanso amasamutsa nyimbo za pa makaseti akale kuziika pa memori khadi. Palibe anamuphunzitsa. Anayamba ndi kumasula wailesi ya kwawo ali mwana, anakwapulidwa, mawa lake n'kuimanga ikulira bwino kuposa kale. Koma kwa adadi, aliyense wokhala pafupi ndi nyimbo ndi munthu wopanda mawa.

"Nanga muulutsi uja amachita chiyani pa wailesi?" ndinawafunsa tsiku lina. "Amalima?"

"Uja ali pa ntchito," anatero adadi. "Amavala taye."

Muulutsiyo ine ndimamuti Pakamwa. Ndi mwana wa mnzawo wa azakhali, ndipo azakhali, mlongo wa adadi amene anandilera mayi atamwalira ndisanadziwe n'kuyankhula komwe, anamusankha kalekale kuti ndiye adzanditenge. Iye kwathu amalowa osagogoda, amakhala pa sofa, amapatsidwa kapu ya alendo. Mawaya amaima padzuwa kuseri kwa geti ngati wabwera kudzawerenga mita ya madzi. Zimenezi zimandiwotcha mumtima tsiku lililonse.

* * *

Uthenga unalowa ndili pa makina, ndikupinda siketi ya kasitomala.

"Tsabola, bwera kushopu. Usathamange, koma fulumira."

"Wapsa ndi magetsi?"

"Ayi. Ungobwera."

Ndinamupeza atakhala pansi pakati pa makaseti. Mkulu wina amene kale ankagulitsa nyimbo anali atamusiyira katoni yonse, akuti ikungodzaza malo kunyumba. Mawaya anandipatsa kaseti imodzi. Chikuto chake chinali pepala la fotokope, lofiirira ndi ukalamba. Pamwamba analemba ndi dzanja: Mawindo Osweka. Pansi pake: Denga Likudontha. Pakati panali anyamata anayi atatsamira khoma.

"Yang'ana wachiwiriyo," anatero.

Tsitsi lalitali losapesa, malaya osamanga mabatani, gitala atapachika pakhosi. Akuseka. Ndinazindikira mpata wa pakati pa mano, chifukwa mpata womwewo ndili nawo ine.

"Ayi," ndinatero. "Adadi anga anabadwa atavala yunifolomu ya madalaivala a basi."

Mawaya anaseka, n'kuilowetsa m'kawailesi. Poyamba panamveka kulira kwa tepi, shiiii, kenako madzi akudontha m'ndowa, tho, tho, tho. Wina anatsokomola. Ndiye gitala inalowa, yaukali, yokanda m'makutu ngati akuimbira m'chitini, ng'oma zikumveka ngati zili chipinda china. Zinali nyimbo zija amati roko, koma zosauka, zopanda nsapato. Kenako mawu:

*Ukabwera usagogode,*
*chitseko changa chilibe loko,*
*ndasiya nyali pawindo.*

Mawu omwe aja amene ine ndimawadziwa akunena kuti tseka mpopi, wachedwa kuti, zimitsa getsi. Ndinakhala pa katoni.

"Anajambulira m'khitchini awa," anatero Mawaya, maso akuwala. "Wailesi imodzi pakati, onse atazungulira. Ukumva mmene mawu akugundira makoma? Koma nyimbo zake, Tsabola! Anthu anazidutsa bwanji zimenezi?"

"Munthu woimba chonchi ndiye akukukaniza iwe pageti?"

"Usayake. Ndili ndi nzeru." Anazimitsa nyimbo yachiwiri isanathe. "Usamvenso zotsalazo. Ndiichape kaye. Ndichotse phokoso lonseli, madontho, chifuwa, zonse, imveke ngati anajambulira mu situdiyo yeniyeni. Ukawapatse ngati mphatso. Akamva zimene manja angawa amatha, mwina adzandiyang'ana kumaso."

Ndinamugwira manjawo. Anali ndi zipsera za chitsulo chowotcherera mawaya. Ndinawapsompsona, iye n'kuchita manyazi ngati tili pamsewu.

* * *

Ntchitoyo inamudyera masabata. Ndikamuimbira, amangoti, "Ndili pa nyimbo yomaliza, ikundivuta." M'malo mwake amene ndimakumana naye anali Pakamwa, atadzaza sofa yathu.

"Mwamva moni ndinakupatsani pa wailesi dzulo?" anandifunsa. "Ndinati kwa telala wokongola amene wasoka mtima wanga."

"Ndikanausoka ndikanayambira kukamwa."

Azakhali ananditsina pamkono. "Mwana uyu! Amangocheza, bambo, musamutengere."

"Ndimakonda akazi amoto, azakhali," anatero iye, akuwongola taye. "Nanga wokonza mawailesi uja ali bwanji? Mumuuze kuti wailesi akaikonza, amene amamvekamo ndine."

Ndinatenga kapu ya alendo ija tiyi asanamalize n'kukaitsuka.

* * *

Tinasankha Loweruka masana, adadi atapuma. Mawaya anandipatsa kasipika ndi memori khadi pageti, iye n'kutsala pomwepo, atavala malaya ositidwa mpaka m'khosi. Pawindo la pabalaza amaoneka bwinobwino.

Gitala itangolira, adadi anatsitsa nyuzipepala.

"Zimitsa."

Sindinazimitse. Nawonso sanabwereze. Azakhali anatuluka m'khitchini ndi mpeni m'manja, n'kuima pakhomo pakamwa pali yasa.

Mawaya anali atagwiradi ntchito. Nyimbo zimatuluka zoyera ngati madzi a m'botolo, popanda shiiii, popanda dontho. Adadi anavula magalasi. Chala chawo chinayamba kugunda pa bondo, milomo ikutsatira mawu. Pa nyimbo ina anaseka okha n'kunena kuti, "Apa wa ng'oma anathyola ndodo." Ine mtima unali m'mwamba. Ndinamukodola Mawaya pawindo kuti zikuyenda.

Itayamba nyimbo yomaliza, adadi anasendera kutsogolo kwa mpando. Inali yodekha, gitala imodzi yokha ndi ng'oma yapansipansi. Itafika pakati anakweza chala m'mwamba, ngati munthu amene akudikira kuti wina alowe pakhomo. Anadikira. Nyimboyo inangopitirira bwinobwino mpaka kutha.

"Bweza."

Ndinabweza. Anakwezanso chala pamalo omwewo. Chinatsika chokha.

"Ali kuti?"

"Ndani, adadi?"

Anadzuka osavala nsapato, n'kulunjika kugeti, ine pambuyo. Kanali koyamba kuti aime maso ndi maso ndi Mawaya.

"Iwe ndiwe wakonza zimenezi?"

"Ndine, bambo." Anapinda manja kumbuyo, akumwetulira.

"Pa nyimbo yomaliza panali munthu akuyankhula."

"Eya, bambo, mwakumbukira! Mayi wina, ndikhulupirira woyandikana nawo nyumba, amadandaula za phokoso, ndi kamwana kakulira. Pamenepo ndiye panandivuta kuposa ponse. Ndinachita kudula n'kulumikiza kuti pasaoneke msoko."

Adadi anagwira chitsulo cha geti.

"Ameneyo ndi mkazi wanga," anatero motsitsa. "Mawu ake sanatsale pena paliponse pa dziko lino. Iwe wawaona ngati zinyalala."

Kumwetulira kwa Mawaya kunazima pang'onopang'ono. Anatsegula pakamwa, koma ine ndinamutsogolera.

"Unachotsa mayi anga?"

"Tsabola, sindinadziwe, ndimati..."

"Unandiletsa kumva, kuti uwachape? Mayi anga ndi dothi? Choka! Choka pageti pathu!"

Mawu amene ndimadana nawo pakamwa pa adadi anatuluka pakamwa panga. Anachoka atazolika, malaya ositidwa aja atanyowa kumsana. Pobwerera m'nyumba ndinaona azakhali akuzula memori khadi m'kasipika n'kuiponya m'chikwama chawo.

"Zoterezi zisamangokhala pali ponse," anatero.

Ndinalibe mphamvu yowafunsa.

* * *

Masiku otsatira foni yanga inadzaza.

"Tsabola, ndalakwa. Ndiyankhe."

"Pali chimene sunandilole kunena."

"Ngakhale ubwere kudzanditukwana, bola ubwere."

Sindinayankhe. Kunyumba adadi amangodya n'kukagona, osafunsa ngakhale za mpopi. Lachitatu m'mawa kunalowa uthenga wa Pakamwa: "Masana ano musaphonye pulogalamu yanga. Ndili ndi mphatso ya banja lonse." Ndinamuyankha kuti moni wakewo akapatse agogo ake, n'kuponya foni m'chikwama.

Koma siketi imene ndimasoka ndinaisoka mokhota kawiri konse. Ndinavundikira makina n'kupita kukamutukwana Mawaya, monga anapempha mwini wake.

Ndinamupeza atakhala pa benchi yake, ndevu zitamera, wailesi ya kasitomala ili chitsegulire osaigwira.

"Ndabwera," ndinatero. "Ndiyambire pati?"

"Yamba ukamaliza ichi." Ananyamula mahedifoni. "Ine ndikamakonza chinthu sinditaya choyambirira. Kaseti ili momwe inalili. Ndimafuna kunena pageti paja."

"Ndiye osanena bwanji?"

"Unandipatsa mpata?"

Anandiveka mahedifoniwo mosamala, akukonza tsitsi langa kuti lisapanike, n'kutembenuza kaseti.

Shiiii. Tho, tho, tho. Gitala yodekha ija, mawu a adadi ali mnyamata. Ndiye pakati penipeni chitseko chinalira, ndipo mkazi anayankhula pafupi kwambiri, ngati waima kumbuyo kwanga.

"Inu anyamata inu, tachepetsani! Mwana wangogona kumene."

Wina anaseka. Ng'oma inasiya. Kenako kamwana kanalira, kulira kwaukali, kokwiya ndi dziko lonse.

"Mwaona? Mwamudzutsa." Mawuwo anasendera patali pang'ono, n'kufewa. "Bwera kuno, kamayi kanga. Usalire. Adadi ako ndi openga, tiwazolowere."

Gitala sinasiye. Inangotsika, ndipo adadi anamaliza nyimbo yonse monong'ona, mkaziyo akung'ung'udza nawo, kamwana kaja kakutonthola.

Ine mayi ndimawadziwa pa chithunzi chimodzi chokha, ataima chilili pa ukwati wa munthu wina. Sindinkadziwa kuti mawu awo anali okhuthala chonchi, kuti amakoka mawu akamakalipa, kuti amakalipa akuseka. Ndinalira mpaka mahedifoni anatsetsereka. Mawaya anagwada patsogolo panga, osandigwira, akungodikira.

"Kolirako ndine," ndinatero.

"Ndinazindikira mochedwa. Ukali wake ndi womwewu."

Ndinamumenya paphewa, kenako ndinagonekapo mutu. Amanunkha utsi wa waya wowotcha.

"Unandichotsanso ine, wamva? Mayi anga ndi ine, tonse."

"Ndimafuna adadi ako amve kuti ndine katswiri," anatero. "Khutu langa limangosaka zolakwika. Sindinadzifunse kuti anthu amenewa anasiyiranji pamenepo osajambulanso."

"Bweza ndimvenso."

* * *

Tinali tikumvera kachitatu, khutu limodzi iye, limodzi ine, pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Adadi, atavala yunifolomu, chipewa chili m'manja. Tinalumpha ngati ana ogwidwa akuba shuga.

Anayang'ana mashelefu, mawaya olendewera, mawailesi opanda zivundikiro. Ine sanandiyang'ane.

"Iwe," anatero kwa Mawaya. "Yakuda ija, kaseti yeniyeniyo, ilipo?"

"Ilipo, bambo."

"Ndiikire."

Mawaya anapukuta mpando ndi malaya ake. Anazula mahedifoni kuti imvekere pa sipika. Adadi anakhala, chipewa pa bondo, ndipo chitseko chija chitalira m'nyimbo anatseka maso. Milomo yawo inanena limodzi ndi mayi, liwu ndi liwu, mpaka pa "tiwazolowere". Misozi inatsikira m'ndevu, osaipukuta.

"Anzanga ankati tijambulenso," anatero itatha. "Ine ndinakana. Tinapita nayo ku wailesi, anatibwezera, akuti phokoso, akuti ndani angamvere ndowa. M'mashopu inangochita fumbi. Mayi ako atapita, zanga zonse ndinataya, sindinkatha kuzimva. Pamene ndinkazifunanso, panalibe amene anasunga."

"Ndikhululukireni, bambo," anatero Mawaya.

"Unadula bwino," anatero adadi, akupukusa mutu. "Ine mwini wake msoko sindinaumve. Ukanakhala wosadziwa ntchito, bwenzi mkazi wanga atatsalako pang'ono." Anamwetulira pang'ono. "Alipo wina wamva zimenezi?"

"Palibe, bambo. Ine, inu ndi a kunyumba kwanu."

"Zisatuluke. Izi ndi za m'nyumba mwanga."

"Sizituluka. Ndikulonjeza."

Adadi anaimirira, n'kuvala chipewa. Anayang'ana manja a Mawaya nthawi yaitali.

"Kwathu kulibe choimbira kaseti. Lamulungu ubwere nacho, udzadye nafe." Anakhosomola. "Geti limatsegukira mkati. Ukankhe."

Ndinafuna kukuwa. Ndinangofinya chala cha Mawaya kumbuyo kwa benchi mpaka anatsinzina ndi ululu.

Tinawaperekeza panja. Dzuwa linali likuswa, ndipo ometa tsitsi a khomo loyandikana anali atakweza wailesi yawo monga mwa masiku onse. Adadi anali atangoponda msewu pamene gitala yokanda ija inatuluka pa sipika ya ometawo, yoyera, yopanda dontho ngakhale limodzi.

*Ukabwera usagogode,*
*chitseko changa chilibe loko.*

Adadi anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana Mawaya.

"Bambo, si ine. Ndikulumbira, si ine."

"Ndi azakhali!" ndinakuwa. "Anatenga memori khadi ine ndikuona, akapatsa Pakamwa!"

Nyimbo inatsika, ndipo mawu onona a Pakamwa anakwera pamwamba pake. "Okondedwa omvera, chuma ichi chinakwiririka zaka zambiri. Ndachifukula ndekha, ndachitsuka ndi manja angawa, kuti dziko limve. Gulu lake ndi Mawindo Osweka, ndipo woimbayo, ndinene monyadira, ndi munthu amene posachedwapa ndizimuti apongozi."

"Wabodza!" Ndinalunjika kwa ometa kuti ndikazule waya, koma Mawaya anandigwira mkono. "Ndisiye! Manja ake ati? Amadziwa n'kutembenuza kaseti komwe ameneyo?"

"Taima, mayi," anatero adadi, atakweza dzanja.

Sanali kundiletsa chifukwa cha manyazi a pamsewu. Amamvetsera. Pa wailesi anthu anali atayamba kuimba foni. Bambo wina amati anaimitsa galimoto pambali kuti amve bwino. Mtsikana wina amafunsa kuti gulu limeneli linali kuti nthawi yonseyi. Wometa mmodzi anatulukira pakhomo ndi makina m'manja, akugwedeza mutu motsatira ng'oma, n'kufuulira mnzake kuti, "Akuluakulu awa ankaimba, aise!"

Ndinaona nkhope ya adadi ikusintha. Mkwiyo uja unasungunuka, n'kubwera chinthu china chimene sindinachionepo, ngati cha mwana amene dzina lake laitanidwa kutsogolo kwa sukulu yonse. Anawongola msana.

"Adadi," ndinatero, "imeneyo ndi ija yopanda mayi. Ndipo anaikonza ndi uyu. Uyu, waima apayu."

Pa wailesi ataikanso nyimbo, foni yawo inalira m'thumba. Anaitulutsa, nayang'ana dzina, nayang'ana Mawaya, kenako anatitembenukira msana.

"Halo, mwana wanga," anatero. Anali Pakamwa. Liwu limenelo Mawaya sanalimvepo. "Eya, ndamva, ndili pamsewu. Anthu onsewo? Ayi, pa foni sitingathe. Lamulungu ubwere kunyumba, udzadye nafe, tidzakambe bwino."

Anapitiriza kuyenda foni ili kukhutu, akuseka. Dzanja la Mawaya linamasuka pa mkono wanga.

"Tsabola," anafunsa motsitsa, "Lamulungu lake ndi lomweli?"

"Lomweli," ndinatero. "Ndipo ukankha geti limenelo ine ndili pambali pako."

Analowa m'shopu n'kuyamba kukulunga chingwe cha kawailesi kaja, pang'onopang'ono, osandiuza ngati akukakonzera ulendo kapena akukasunga.